Thobwa limene ndinakana ku Vubwi

Ayi, a Tembo, sikuti amake Dalitso amandiletsa kudya m'nyumba za anthu. Munandifunsa pagulu paja pa siteshoni ya Katete, anthu n'kuseka, ine n'kuseka nawo, koma yankho sindinakupatseni. Ndiye ndiyankhe pano, kuti ndi ena onse amene amandiona ndi kontena yobiriwira kumbuyo kwa njinga yamoto amvere limodzi.

Ndili ndi matenda a shuga. Eya, ndanena. Sabata yatha mawu amenewa sakanatuluka pakamwa panga, ngakhale mukanandimanga pa mtengo.

Kwa amene simundidziwa, ine ntchito yanga ndi yokonza mijigo. Mjigo ukafa ku Sinda, ku Mkaika, kaya kutsidya kwa Vubwi, a komiti ya madzi amandiimbira foni, ine n'kumanga zipanala ndi timphira m'thumba, ulendo. Sukulu sindinapite nayo patali, koma mjigo ukangolira ndimadziwa chimene chikuupweteka. Moyo wanga wonse ndadyera panjira. Kale chilichonse chimene chili pamoto m'mbali mwa msewu chinali changa.

Chaka chatha ndinayamba kumwa madzi ngati ng'ombe, thalauzi n'kumasuka m'chiuno. Kuchipatala anandibaya chala, anesi n'kuyang'ana kamakina kawo, n'kuyang'ananso ine ngati ndaba mbuzi. Anati zotsekemera ndisiye, zokazinga ndichepetse, masamba ndichulukitse, ndizidya pa nthawi yake, ndipo mapilitsi ndi a tsiku ndi tsiku. Pabenchi pomwepo panakhala bambo wina amene anamudula mwendo chifukwa cha matenda omwewa. Ndinayang'ana mwendo wanga wakumanja, umene ndimapondera poliza njinga, ndipo ndinamvera anesi.

Manje tandiuzeni inu, munthu wotere adye chiyani pa msewu wathu uno?

Imani pa Katete masana. Tchipisi, vitumbuwa, masikono, soseji yosambira m'mafuta amene akhala pamoto kuyambira dzana, ndi zakumwa zofiira m'mabotolo. Pitani pa Sinda. Nzimbe, nyama yootcha ija ya michopo, ndi tchipisi kachiwiri. Sindikunyoza ogulitsa, ayi, nawonso akufuna ana adye, ndipo amaphika chimene anthu amagula. Koma tayesani kupempha tiyi wopanda shuga pa tiyirumu. Mayi amakuyang'anani ngati mwapempha basi yopanda matayala. Akalowa mkati amathiramo kasipuni kamodzi kachifundo, poganiza kuti mwina mukuchita manyazi kunena kuti zinthu sizili bwino m'thumba. Mukadandaula, akuti, ka pang'ono chabe, sikangaphe munthu.

N'chifukwa chake pali kontena ija. Amake Dalitso amalawirira kuphika nyemba, nkhwani wotendera, dzira lowiritsa, ndi kamtanda kamodzi ka mgaiwa kooneka ngati ka mwana woyamba kudya. Nthawi zina amaikamo nsawa zophika. Chakudya chabwino ndithu. Vuto lake ndi lakuti uyenera kuchitsegula pamaso pa anthu.

Mundifunsa kuti bwanji osangonena kuti ndikudwala? Inunso mukudziwa. Mwamuna wa msinkhu wanga akaonda, n'kumameza mapilitsi m'mawa uliwonse, anthu safunsa. Amamaliza okha nkhani, ndipo amaimalizira pa mkazi wako. Komanso ndi komiti iti ingaitane mmisiri wodwala kuti adzazule mapaipi m'chitsime? Choncho ndinaphunzira mabodza ang'onoang'ono. Ndakhuta. Ndadya kale panjira. M'mimba simuli bwino lero. Mabodza amenewa andiyendetsa maboma atatu popanda vuto, mpaka Lachiwiri lapitali.

Anandiitana kumudzi wina kupitirira Vubwi, kuja kumene foni imayamba kukulandirani ku Mozambique muli kwanu. Mjigo wawo unali utafa kalekale, azimayi akutunga m'dambo limodzi ndi ng'ombe. Ndinafika fumbi lili mpaka m'makutu. Amuna anabwera kudzathandiza kuzula mapaipi, azimayi anakhala chapatali pa ndowa zawo zopanda kanthu, kudikira.

Kumidzi kuli lamulo losalembedwa. Mudzi ukaitana mmisiri, nyumba imodzi imamuphikira. Dzuwa litafika pamutu, ndinaona mayi wina wamtali, wowonda, wovala duku loyera, akubwera ndi ndowa ya thobwa pamutu ndi mbale zovundikira m'manja. Ndinamva wina akuti Anambewe afika. Anayala chitenje pansi pa mtengo wa mango, anagwada, n'kuvundukula. Nkhuku yachikuda, masamba a nyemba, nsima yoyera ngati thonje.

Kenako anatunga thobwa m'kapu n'kuyamba kumwa iwo eni. Zimenezo n'zachizolowezi, wophika amalawa kaye kuti mlendo amwe mtima uli pansi. Koma ena amangonyowetsa milomo. Awa anamwa kapu yonse, pang'onopang'ono, ndipo maso awo sanali pa ine. Anali pa anthu.

Ndikanakhala wanzeru ndikanaona pamenepo kuti pali nkhani. Ine maso anali pa thobwa. Linali lokoka, lonyezimira, shuga wake ndinkachita kumumva m'mphuno. Kunja kwa Vubwi kuja, chipatala chili kutali, msewu uli ngati munda wolimidwa ndi nkhumba, ndipo ndili ndekha pa njinga. Ndinaganiza za bambo wa pabenchi uja.

Ndinati, zikomo amayi, ine ndakhuta, ndanyamula kanga.

Ndiye taonani uchitsiru wake. Munthu wati wakhuta, kenako akupita pa njinga, akumasula kontena, akukhala pa mwala n'kuyamba kudya nyemba zozizira, nkhuku ili apo ikumuyang'ana. Ndinkafuna kudya msanga chifukwa nthawi yanga yodya inali itapitirira kale. Nsima ndi nkhuku ndinazikanira limodzi, poopa kuti ndikakhudza mbale imodzi andikakamiza zonse.

Bambo wina wa chipewa cha mlaza, amene ndinamva akumutchula a Banda, anaseka chamumtima n'kuuza mnzake kuti mlendo ndiye amayenda ndi kalumo kakuthwa. Mnzakeyo anayankha kuti anthu oyendayenda ngati amisiri amakhala okhwima, amaona zimene ena saona. Ine ndinayesa akundiyamikira pa ntchito. Ndinamwetulira, abale anga. Ndinamwetulira ndi nyemba mkamwa.

Anambewe anavundikira mbale zawo, anapinda chitenje, anasenza ndowa n'kumapita, msana uli chilili.

Nditabwerera ku mapaipi, wina anandikoka shati kumbuyo. Mayi wamfupi, wojintcha, wa mawu ngati belu la tchalitchi, amene ndinadzamva kuti amagulitsa tomato ndi kapenta pamsika wa Vubwi. Ananditengera kuseri kwa kampanda ka mjigo.

"Amisiri, mwabwera kudzakonza mjigo kapena kudzapha munthu?"

Ndinati sindikumva. Ndiye anandimasulira. Anambewe amuna awo anamwalira zaka zingapo zapitazo, atadwala m'mimba. Pasanapite nthawi mwana wa alamu awo anamwaliranso, ndipo dzulo lake anali atadya maungu kunyumba kwawo. Kuchipatala anati mwanayo anali ndi malungo, koma kumudzi anali ataweruza kale. Kuyambira pamenepo palibe amadya cha m'manja mwawo. Pamaliro anzawo akamaphika, iwo amawatuma nkhuni. Kutchalitchi akabweretsa chakudya cha alendo, mbale yawo imabwerera yodzaza. Ana amauzidwa kuti asalandire ngakhale mango pakhomo pawo.

Tsono mjigo utafa, Anambewe anapempha okha kwa a komiti kuti aphikire mmisiri. Anati mlendo sadziwa nkhani za mudzi, adzadya, adzakwera njinga yake ali bwinobwino, ndipo anthu adzaona ndi maso awo. Nkhuku ija inali yomaliza m'khola. Chimera cha thobwa anachikonza kuyambira tsiku limene anamva kuti ndikubwera.

Ndipo mlendo uja anabwera, ananunkhiza thobwa, n'kuthawira ku kontena yake.

Ndinayang'ana uku ndi uku, n'kunong'ona kuti mayi, si zimenezo, ine ndili ndi shuga, kuchipatala anandiletsa, koma chonde zikhale pakati pa ine ndi inu.

Anandiyang'ana kuyambira ku nsapato mpaka kumutu. Anafunsa ngati shugayo ndinachita kuba m'sitolo ya munthu. Ndinati ayi. Anafunsa ngati amapatsirana pogwirana chanza. Ndinati ayi. Anati nanga mukunong'onezeranji? Ndinayamba kufotokoza za ntchito yanga, za mbiri, za mmene anthu amamalizira okha nkhani. Sanadikire kuti ndimalize. Anatuluka kuseri kuja, anaima pa simenti ya mjigo, manja m'chiuno.

"Tamverani nonse. Amisiriwa akudwala shuga. Akamwa thobwa lothira shuga agwera m'chitsimemu, tiwazule pamodzi ndi mapaipi. Amachita manyazi kunena, ngati mwamuna aliyense wa m'mudzi muno."

Abale, chinthu chimene ndinabisa kwa achimwene anga enieni, kwa abusa, kwa inu a Tembo amene timakhala benchi imodzi kutchalitchi, mayi uyu anachilengeza ngati akuitanira tomato wotsika mtengo. Ndinakwiya. Sindinama, ndinakwiya mpaka makutu kutentha. Ndinaganiza zomanga zipanala zanga n'kuwasiyira mjigo wawo uli m'zidutswa.

Koma mpata wokwiya sunapezeke, chifukwa mudzi wonse unasanduka madokotala. Wina akuti wiritsani masamba a mango. Wina akuti ayi, a nimu, owawawo ndiwo amatsuka magazi. Mayi wina akuti malume ake anachira ndi ndulu ya mbuzi. Wina akudabwa kuti shuga si matenda a anthu a ku Lusaka odya keke kodi, afika bwanji kwa munthu wa zipanala? Ndinangoti zikomo, zikomo, ndili ndi mapilitsi a kuchipatala, ndipo ndi amenewo ndikumwa. Mkulu wina amene tinkakoka naye paipi anadikira phokoso lichepe, n'kundiuza pansipansi kuti nayenso amadzuka kangapo usiku kukataya madzi, ndipo mapazi amamuyaka. Anafunsa kuti kubaya chalako kumapweteka? Ndinamuuza kuti minga ya m'munda imaposa, apite.

Mayi wa tomato uja anali atapita kale kunyumba kwa Anambewe. Anakhalako nthawi. Ndinamva pambuyo pake kuti Anambewe anakana, anati wakana wakana, nkhuku apatsa agalu, ndipo sadzagwadanso pansi pa mango uja. Sindikudziwa kuti anawauza chiyani. Ndinangoona akubwera awiri, wamfupi patsogolo atasenza ndowa ya thobwa, wamtali pambuyo ndi mbale, nkhope itauma.

Ulendo uno sanagwade. Anaika mbale pansi n'kuima.

Ndinasamba m'manja, ndinakhala pansi, ndinapepesa pamaso pa onse. Ndinati amayi, ndinanama kuti ndakhuta, ndipo bodza langa lagwera inu. Thobwa sindingamwe lambiri, nsima ndidya pang'ono, koma nkhukuyi ndi masambawa musandichotsere. Ndinadya ntchafu, ndinadya chiwindi, ndinapukuta msuzi ndi kanthongo kamodzi. Sindikunena mokometsa nkhani, nkhuku ija inaphikidwa ndi munthu wodziwa. Thobwa ndinamwa la pansi pa kapu, longokwanira kuti aliyense aone kholingo langa likuyenda.

Anambewe anayang'ana mpaka ndameza. Ndiye anati, "Shugayo ndinathira wambiri dala. Ndimafuna mukanene kwanu kuti ku Vubwi mlendo amamulandira."

Ndinaika kapu pansi.

Mayi wa tomato anatunga kapu yodzaza, anamwa yonse, anatunganso ina n'kuyenda nayo molunjika kwa a Banda a chipewa cha mlaza aja. Anawafunsa ngati nawonso ali ndi shuga. A Banda anati ayi. Anawafunsa ngati akhuta. A Banda anati iwo akusala kudya sabata ino, nkhani za pemphero. Mayiyo anaweramira pansi, anatola khoko la nzimbe limene a Banda ankatafuna m'mawa wonse, n'kuwafunsa kuti kusala kwake n'kwa mpingo uti, kuti nayenso alowe. Anthu anaseka mpaka ena kugwira mitengo. A Banda sanamwe. Anati akukaona ng'ombe, n'kuchoka.

Koma mkulu wa mapazi oyaka uja analandira kapu. Anati mwina ndi lomaliza asanakabayitse chala. Amuna ena awiri anamwa. Mwa azimayi, ena anamwa, ena anayang'ana kumbali n'kumakonza nkhata zawo. Sindikuuzani kuti mudzi unatembenuka tsiku limenelo, chifukwa sunatembenuke. Ndowa inabwerera ndi thobwa lotsala. Koma siinabwerere yodzaza.

Tsono ndakhala ndikuganiza panjira yonse yobwerera, ndipo chimene chikunditopetsa ndi ichi. Ife tili ndi mawu ambiri opatsira munthu chakudya. Tiyeni kuno, sambani, onjezerani, mwadya ngati mbalame, kodi sichinakome? Koma mawu okanira bwino tilibe. Ukakana, ndiwe wonyada. Ukakana, ukuwaganizira zoipa. Ukakana, mkazi wako anakudyetsa mankhwala. Choncho odwala amameza zimene anawaletsa kuti asakhumudwitse wophika, kapena amanama ngati ine, bodza n'kukagwera munthu wosalakwa.

Ndi angati mwa inu amene muli ndi mapilitsi a kuthamanga kwa magazi obisa m'sokosi, koma pa ukwati mumadya mchere ndi mafuta mpaka maso kufiira, kuopa kuti apongozi anena? Ndi angati amisiri, madalaivala, ogula soya ndi thonje m'midzi, amene mumakhala tsiku lonse ndi botolo la chakumwa ndi vitumbuwa viwiri m'mimba, kenako n'kumadabwa kuti mutu ukuzungulira?

Ndipo inu ophikira antchito, kufunsa kumavuta pati? Amisiri, pali chimene simudya? Basi. Funso limenelo silithyola mwendo. Inunso a pa tiyirumu, munthu akati wopanda shuga, ndiye kuti wopanda shuga. Chifundo chanu chisungeni m'chitini. Pafupi ndi tchipisi ikanipo maungu owiritsa, nsawa, mazira, therere. Tilipo ambiri ofuna zimenezo, kungoti tonse tikunong'ona.

Koma ndisaloze anthu okhaokha. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Wodwala ndine, woyenera kutsegula pakamwa ndinali ine. Ndinkateteza dzina langa, osadziwa kuti pansi pa mango uja panagwada munthu amene dzina lake linali pangozi yoposa langa. Ine ndikanangokwera njinga n'kuiwala. Iwo akanatsala m'mudzimo ndi umboni watsopano wakuti ngakhale mlendo anawaona.

Nanga za ntchito zimene ndinkaopa? Mjigo unatulutsa madzi dzuwa litapendeka. Palibe anati mapaipi amangidwa ndi wodwala, tisamwe. A komiti anandiuza kuti mudzi woyandikana nawo ulinso ndi mjigo wotsokomola, andiimbira. Kaya aimba, kaya saimba, tiona. Woyamba kutunga anali mayi wa tomato, koma ndowa imene anaika pampopi inali ya Anambewe, ndipo anaima pomwepo mpaka itadzaza, kuyang'ana aliyense amene angayerekeze kudandaula za mzere.

Ndikumanga katundu, mayi wa tomato uja anabwera ndi phukusi la masamba a nyemba ofutsa, ati Anambewe apereka kuti ndikapatse akunyumba, alibe shuga amenewa. Ndinawauza kuti mayi, mwandichititsa manyazi lero, ndipo sindinakukhululukireni bwinobwino. Anati manyazi sadula mwendo, ndikwere njinga ndizipita kusanade.

Ndinali nditaliza kale injini pamene ndinakumbukira kuti munthu wandiyalutsa pagulu, wandipulumutsa ku tchimo, ndipo dzina lake sindikulidziwa. Ndinazimitsa, n'kufunsa. Anaseka, anati mukufuna mukandisumire kwa a polisi? Kenako ananena.

Mukafika pamsika wa Vubwi, gulani tomato kwa iwo, koma chinsinsi chanu musawauze. Ndi amake Felesiya.